Amene anatsegula makomo anali alamu

Lachinayi usiku ndinazimitsa nyali cha m'ma 1 koloko, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu ndinagona mtima uli m'malo. Asayimenti ya mbiri ya mpingo ija, yofunsa chimene chinakulitsa msanga nthambi za a Mormon ku Britain pakati pa 1837 ndi 1851, inali itandikhala pakhosi. Mayina ndinali nditaloweza, zaka ndinali nditaloweza, manambala a obatizidwa anali m'kope, koma mukanandifunsa kuti zinatheka bwanji ndikanangobwereza zimene tinakopera pa bolodi: umphawi wa m'mafakitale, changu cha amishonale, njala ya uzimu. Mayankho atatuwa si abodza ayi. Vuto lake ndi loti ungawanyamule n'kukawaika pa mpingo wina uliwonse wa nthawi imeneyo, n'kukhoza nawo mayeso. Ine chimene chinkandivuta ndi malo. Bwanji Preston, osati Liverpool kumene sitima inakocheza? Bwanji kamudzi ka alimi ka Castle Frome, osati London kumene kunali anthu osawerengeka ndi umphawi woposa kwina konse?

Za Joseph Smith amene anayambitsa mpingowu ku America, za kukhazikitsidwa kwake pa 6 Epulo 1830, za Kirtland ndi Nauvoo, matauni amene anakhalapo malikulu ake, sindibwereza, poti tonse amene tikuchita phunziroli tinazilemba kale. Ndingopita pamene zinanditsegukira.

Inali nkhani ya Wilford Woodruff, mmodzi wa amishonale ochokera ku America. Kawirikawiri imakambidwa motere: pa 1 Malichi 1840, tsiku limene anakwanitsa zaka 33, ali ku Hanley, dera la oumba mbale ndi makapu ku Staffordshire, anamva mumtima kuti achokeko alowere kummwera, ngakhale ntchito inkayenda bwino kumeneko. Pa 4 Malichi anafika pa famu ya John Benbow ku Castle Frome, m'chigawo cha Herefordshire. Patangopita masiku awiri anabatiza mwini famuyo ndi mkazi wake Jane, ndipo m'miyezi yochepa dera lonselo linadzaza nthambi. Nkhaniyi ndinaiwerenga mwina kanayi, ndipo ulendo uliwonse m'maso mwanga munkabwera munthu mmodzi, kachikwama kumanja, akuyenda m'dziko la eni, akukagogoda pakhomo la munthu wosamudziwa. Lachinayi lija ndinakumana ndi chiganizo chimodzi chimene maso anga anali asanaimepo. Woodruff sanapite yekha. Anatsagana ndi William Benbow, amene anali atalowa kumene mpingowu ku Hanley. William ndi John anali pachibale, mimba imodzi.

Ndinaika cholembera pansi. Ndiye kuti madzulo amenewo pakhomo pa John sipanafike munthu wachilendo. Panafika m'bale wake, atatenga mnzake. Tonse tikudziwa kusiyana kwake. Wobwera yekha umamulonjera pakhonde, umamva chimene wadzera, umamuperekeza. Wobwera ndi m'bale wako umamulowetsa m'nyumba, umamukonzera pogona, ndipo akayamba kulankhula umamvetsera mpaka amalize, chifukwa kumudula mawu ndi kunyoza amene wamubweretsa. Sindikutsutsa zimene Woodruff ankakhulupirira za chimene chinamuuza kuti anyamuke. Munthu wopemphera anganene kuti Mzimu unagwiritsa ntchito William, ndipo ine sindingalimbane naye. Koma funso la asayimenti yanga ndi la njira imene uthenga unadutsa, ndipo njirayo inali ndi dzina komanso chibale.

Ndinachotsa pakhoma kalendala ya chaka chatha, ndinaitembenuza, n'kuyamba kulemba mayina kumbuyo kwake. Pakati pa anthu a magazi amodzi kapena olumikizidwa ndi ukwati ndinkajambula mzere wofiira. Pakati pa anthu amene ankapemphera limodzi amishonale asanafike ndinkajambula wabuluu. Ndinabwerera mpaka ku 1830 kuti ndione ngati za Benbow zinangochitika mwangozi.

Samuel Smith, mng'ono wake wa Joseph, amene amatchedwa mmishonale woyamba, anayenda m'midzi ya ku New York ndi makope a Buku la Mormon m'thumba ndipo sanabatize munthu pa maulendo oyambawo. Koma buku limodzi linatsala m'nyumba ya mlaliki wa Methodist, John P. Greene, ndipo mkazi wa Greene anali Rhoda, mlongo wake wa Brigham Young, amene anadzatsogolera mpingowu Joseph atamwalira. Buku lina linagulidwa ndi Phineas Young, mkulu wake wa Brigham yemweyo. Mabuku awiriwo anazungulira m'banja la a Young kwa zaka pafupifupi ziwiri, mpaka mu Epulo 1832 Brigham anabatizidwa, ndipo mwezi womwewo anabatizidwanso mnzake wapamtima wa ku Mendon, woumba mbiya, Heber C. Kimball, amene anadzatsogolera amishonale oyamba kupita ku England. Willard Richards, amene anadzapita ku England ndi Kimball, mayi ake ndi mayi a Brigham anali munthu ndi mng'ono wake. Mabuku a Chingerezi amawatchula ndi mawu amene ife timamasulira kuti msuweni, koma kwathu kuno ana a akazi apachibale si asuweni, ndi abale enieni. Nditalemba choncho pa kalendala, mzerewo unaoneka waufupi kuposa mmene buku linkauonetsera.

Mzere wabuluu woyamba ndi wa ku Ohio. Mu Okutobala 1830 anthu anayi, Oliver Cowdery, Parley P. Pratt, Peter Whitmer Jr. ndi Ziba Peterson, anatumidwa kukalalikira kwa eni dziko a kumadzulo. Kumene anatumidwako, pakati pa a Delaware, sanakhalitse, wa boma anawauza kuti achoke. Koma panjira Pratt anapatukira kwa mphunzitsi wake wakale, mlaliki Sidney Rigdon, pafupi ndi Kirtland, ndipo m'masabata ochepa anthu oposa 100 anabatizidwa, ambiri mwa iwo nkhosa za Rigdon. Ntchito imene anatumidwa inalephera, pamene kupatuka kokaona aphunzitsi kunasamutsa likulu la mpingo wonse kupita ku Ohio.

Tsopano pamene mtima wanga unayamba kugunda ndi pa Preston. Mu 1836 Pratt yemweyo anapita ku Toronto. John Taylor, mlaliki wa Methodist wochokera ku England, poyamba sanamulandire ndi manja awiri. Amene anamupatsa chipinda ndi malo olalikirira anali mayi wamasiye, Isabella Walton, ndipo mlongo wake wa mayiyu anali Isaac Russell. Pa gulu limene linabatizidwa kumeneko panali Taylor, Russell, komanso Joseph Fielding ndi alongo ake awiri, Mary ndi Mercy. Atatuwa anayamba kulemba makalata kwa m'bale wawo James Fielding, m'busa wa tchalitchi cha Vauxhall ku Preston, ndipo James ankawerengera mpingo wake makalatawo. Choncho pamene sitima ya Garrick inakocheza ku Liverpool mu Julayi 1837 ndi amishonale asanu ndi awiri, anayi mwa iwo ochokera ku gulu la ku Canada lija, panalibe chokhalira ku Liverpool. Ku Preston kunali mpingo umene unali utamva kale za iwo, ndiponso m'busa amene m'bale wake anali pa gululo. Pa 23 Julayi James anawapatsa gome. Pa 30 Julayi anthu asanu ndi anayi anabatizidwa mu mtsinje wa Ribble, woyamba George D. Watt. Sabata imodzi yokha! Kale ndinkachiwerenga ngati chozizwitsa cha kulalika kwa Kimball. Pano ndikuona kuti munda unali utalimidwa ndi makalata kwa miyezi yambiri, iye anafika ndi mbewu nthaka itanyowa kale.

Ndipo taonani kumene anagawikana atachoka pamenepo. Richards ndi John Goodson anapita ku Bedford. Kukatani ku Bedford? Kunali m'busa Timothy Matthews, amene anakwatira Ann, mlongo wina wa Joseph Fielding. Mlamu. Isaac Russell anapita ku Alston, kumpoto, kumene anabadwira ndi kumene kunali abale ake. Mu Januwale 1840 John Taylor atafika ku Liverpool, mzinda uja amishonale anaulambalala mu 1837, khomo limene anagogoda linali la George Cannon, mlongo wake wa mkazi wake Leonora. Mlamu winanso. Ngakhale ku Wales, kumene anthu masauzande anabatizidwa motsogozedwa ndi mmishonale Dan Jones pakati pa 1845 ndi 1849, timabuku take ta chilankhulo cha kumeneko tinkasindikizidwa pa makina a mkulu wake John Jones, m'busa wa mpingo wina ku Rhydybont, pa nthawi imene osindikiza ena sankafuna kukhudza zolemba za a Mormon. Kalendala yanga inafiira.

Chinthu china chimene ndinachiona mochedwa, cha m'ma 12 koloko, ndi choti mawu oti mlamu sangakhalepo popanda mkazi pakati. Mzere uliwonse wa ulamu umadutsa mwa Rhoda, mwa Ann, mwa Leonora. Makalata a ku Preston analemba nawo Mary ndi Mercy. Chipinda cha ku Toronto chinali cha Isabella. Ku Walker Fold, Kimball anapatsidwa gome ndi m'busa John Richards chifukwa mwana wamkazi wa m'busayo, Jennetta, anali atabatizidwa ku Preston mu Ogasiti 1837 n'kukapempha bambo ake. Pa mndandanda wa amishonale umene tinapatsidwa m'kalasi mulibe dzina la mkazi ngakhale limodzi, koma ukafafaniza akaziwa pa kalendala theka la mizere limaduka.

Ndinafuna kudziyesa, choncho ndinafufuza malo amene amishonale omwewo anapita opanda wowatsogolera. London. Mu Ogasiti 1840 Kimball, Woodruff ndi George A. Smith analowa mumzindawo. Awa ndi anthu amene kwina anali kubatiza anthu makumimakumi pa sabata. Ku London anayenda tchalitchi ndi tchalitchi kupempha gome, akukanidwa, mpaka anayamba kulalikira panja. Woyamba kubatizidwa anali wokonza mawotchi, Henry Connor, ndipo patatha miyezi ingapo nthambi ya mumzinda waukulu chotero inali ndi anthu makumi angapo chabe. Alaliki omwewo, uthenga womwewo, chaka chomwecho, umphawi ulipo wosefukira. Chimene chinasowa ndi m'bale wa munthu. Apa m'pamene ndinasiya kukhulupirira yankho la umphawi ngati yankho lokwanira.

Ndibwerere ku Castle Frome, chifukwa kumeneko mzere wofiira unakumana ndi wabuluu, ndipo ndi pamene funso la kukula kwa nthambi likuyankhidwa. John Benbow sanali mlimi wopeza bwino chabe. Anali wa gulu lotchedwa United Brethren, anthu pafupifupi 600 amene anapatuka ku Primitive Methodist m'zaka za m'ma 1830, motsogozedwa ndi Thomas Kington. Gululi linali ndi alaliki wamba oposa 40, linali ndi nyumba zimene boma linapereka chilolezo choti muzichitikira mapemphero, linali ndi kachalichi kake ku Gadfield Elm kamene anamanga mu 1836, ndiponso linali ndi pulani yolembedwa yosonyeza kuti mlaliki uyu Lamulungu lakuti akakhala mudzi wakuti. Ine ndinakulira mu CCAP, ndipo pulani yotereyi ndikuidziwa: pepala lomatidwa pa chitseko cha vesitile, losonyeza mkulu wa mpingo amene akalalikire ku nyumba ya mapemphero iyi ndi iyo. Amene anaionapo akudziwa kuti pepala limenelo ndilo msana wa mpingo wa kumudzi. M'busa angabwere kamodzi pa miyezi itatu, koma Lamulungu lililonse pamakhala munthu pa gome chifukwa cha pepalalo.

Woodruff anakonza dziwe la pa famu ya Benbow n'kuyamba kubatiza, ndipo mwa oyambirira munali alaliki ambiri. Kington anabatizidwa pa 21 Malichi. Mlaliki akabatizidwa lero, Lamulungu likudzalo ankapitabe kumudzi umene pulani inamulembera, kwa anthu omwe aja, m'nyumba yomwe ija, kungoti uthenga wasintha. Pofika Juni 1840 panachitika misonkhano ikuluikulu iwiri, wa ku Gadfield Elm pa 14 ndi wa ku Frome's Hill pa 21, ndipo anawerenga nthambi zoposa 30 ndi anthu oposa 500, Kington n'kuikidwa kuti aziyang'anira. Nthambi 30 m'miyezi itatu ndi theka. Palibe munthu angadzale nthambi 30 m'miyezi itatu ndi theka. Zinalipo kale, ndi akulu ake, ndi masiku ake okumana, ndi nyumba zake. Ngakhale ndalama zinali momwemo: Benbow anapereka mapaundi 250 ndipo Kington 100, zimene zinathandiza kusindikiza Buku la Mormon ndi buku la nyimbo ku England.

Ichi ndicho chimene ndakhala ndikuchizungulira: amishonalewa sanali kumanga nyumba pa thengo, ankalowa m'nyumba zomangidwa kale, ndipo amene ankawatsegulira anali achibale. Woodruff atakalamba ankakonda kunena kuti a United Brethren onse anabatizidwa kupatula mmodzi. Kaya nambalayo inakula ndi zaka monga zimakhalira ndi nkhani za achikulire, mfundo yake ikugwirizana ndi kalendala yanga, yoti chinalowa mu mpingo ndi gulu, osati anthu mmodzimmodzi.

Mbali ina ya nkhani yomweyi ndi kufulumira kudzoza eni dera. Kimball ndi Orson Hyde anachoka ku England mu Epulo 1838, atakhalako miyezi isanu ndi inayi yokha, n'kusiya anthu pafupifupi 1,500. Anasiya utsogoleri m'manja mwa Joseph Fielding, omuthandiza ake Willard Richards ndi William Clayton. Clayton ameneyu anali kalaliki wa pa fakitale ya nsalu ku Penwortham, wobatizidwa mu Okutobala 1837. Miyezi isanu ndi umodzi mu mpingo, n'kukhala mmodzi wa atatu oyang'anira dziko lonse. Kenako anasiya ntchito n'kupita ku Manchester, kumene nthambi inakula kupitirira anthu 200. Mipingo imene inkafuna kuti munthu aphunzire zaka zambiri asanaime pa gome sikanatha kuthamanga liwiro limeneli. Koma ndisabise mbali inayo. Atumwi, atsogoleri akuluakulu a mpingowu, atabweranso mu Epulo 1840 anawerenga anthu pafupifupi 1,700. Zaka ziwiri, kuchoka pa 1,500 kufika pa 1,700, pamene ubatizo sunaime. Ndiye kuti khomo lotulukira linalinso lotsegula. Chaka chimodzi pambuyo pake, mu Epulo 1841, nambala inali pafupi ndi 6,000, osawerengera mazana amene anali atawoloka kale nyanja.

Kunena zoona, njira ya kalendalayi sindidzaisiyanso. Ndikuona ngati mbiri ya mpingo uliwonse, ngakhale ya chipani kapena ya bungwe la alimi, munthu sangaimvetse asanajambule kuti ndani anali mlamu wa ndani. Zaka zimakuuza kuti chinachitika liti, manambala amakuuza kuti chinali chachikulu bwanji, koma mizere yokha ndi imene imakuuza chifukwa chake chinachitikira pano osati apo. Mnzanga amene timawerengera limodzi anaiyang'ana Lachisanu n'kunena kuti ndangojambula anthu amene mabuku anasankha kuwatchula, ndipo kuti anthu masauzande amene anabatizidwa atangomva ulaliki pa msika alibe mzere chifukwa palibe amene analemba mayina a alamu awo. Ndinamuyankha kuti alamuwo analipo ndithu, kungoti sanalembedwe. Sanakhutire. Ine ndikadali pomwepo, ndipo ndayamba kale kalendala yachiwiri ya phunziro lina.

Chimene chikundiwawa ndi nthawi imene ndinataya. Mutu wonsewu tinauphunzira tsiku limodzi, maola awiri, ndipo ola lathunthu linathera pa mitala ndi pa mafunso oti kodi amenewa ndi Akhristu kapena ayi. Mafunsowo ali ndi malo ake, koma funso la asayimenti silinali limenelo. Aphunzitsi athu analemba mitu itatu ija pa bolodi, ife tinakopera, nthawi n'kutha. Nditawatsatira panja kuwafunsa chifukwa chake amishonale anapita ku Preston, anandiyankha kuti ndi mzinda wa mafakitale a thonje, anthu anali pa mavuto. Ndi zoona, koma Manchester inalinso ya thonje, ndipo inali yaikulu kuposa Preston. Dzina la James Fielding silinatchulidwe m'kalasi ngakhale kamodzi. Sindikuti aphunzitsiwo sadziwa, ndikuona kuti ali ndi makalasi ambiri ndipo silabasi imawathamangitsa monga imatithamangitsira ife. Koma chiganizo chimodzi chokha, choti m'busa wa ku Preston anali m'bale wa mmodzi wa amishonale, chikanandipulumutsa masabata atatu. M'laibulale buku lokhudza nkhaniyi ndi limodzi, ndipo limakhala lobwerekedwa. Zambiri ndinaziwerenga pa foni usiku, bandulo ikutha, magetsi akuzimazima. Semesita yatsala ndi masabata anayi ndipo ndili ndi maasayimenti ena atatu amene sindinawakhudze. Zimandipweteka kuti chinthu ukangoyamba kuchimvetsa m'pamene amakuuza kuti pereka, tipite mutu wina.

Pali chinanso chimene mawu oti kukula akubisa, ndipo ichi chandisokoneza kuposa zonse. Mpingowu unkaphunzitsa kuti okhulupirira asonkhane malo amodzi ku America. Gulu loyamba, anthu 41 motsogozedwa ndi John Moon, linanyamuka ku Liverpool pa 6 Juni 1840, sabata imodzi msonkhano wa ku Gadfield Elm usanachitike. Mu Seputembala chaka chomwecho sitima ya North America inanyamula ena pafupifupi 200, ndipo mmenemo munali William Clayton, munalinso John ndi Jane Benbow, amene analipirira ulendo anthu ena ambiri osauka. Taganizani: munthu amene khomo lake linatsegula Herefordshire mu Malichi, pofika Seputembala wapita. Kington anatsatira. Mu 1842 kachalichi ka Gadfield Elm kanagulitsidwa kuti ndalama zake zithandize ena kuwoloka. Mizere yomwe ija imene inalowetsa uthenga ndi imene inatulutsa anthu, chifukwa amene wafika ku Nauvoo ankalembera m'bale wake, m'baleyo n'kuuza mlamu wake. Paja amati chibale ndi fupa, sichiola. Nthambi inkaphunzitsa munthu, akakhwima n'kukwera sitima, otsala n'kudzoza wina.

Komabe manambala anapitirira kukwera kwa zaka khumi. Pofika kumapeto kwa 1851 ku Britain kunali mamembala oposa 32,000, pamene kalembera wa 1850 anapeza anthu 11,380 okha m'dera lonse la Utah. Mpingo wa ku America unali ndi anthu ambiri ku Britain kuposa ku likulu lake. Kenako chiphunzitso cha mitala chinalengezedwa poyera mu Ogasiti 1852, thumba lothandiza osamuka limene linakhazikitsidwa mu 1849 linapitiriza kunyamula anthu, ndipo nambala ya ku Britain inayamba kutsika. Nthambi ya ku Preston yokha siinafe, ndipo lero imatchedwa yakale kuposa zonse zimene zakhalapo mosalekeza mu mpingowu. Kachalichi ka Gadfield Elm kanakhala nkhokwe ya pa famu kwa zaka zambiri mpaka mamembala a m'deralo anakagula mu 1994 n'kukakonza.

Ndisanatseke kope ndinasuzumira ku Africa, ngakhale si mbali ya funso. Ku Ghana, Joseph William Billy Johnson anayamba kusonkhanitsa anthu m'dzina la mpingowu kuchokera mu 1964, popanda mmishonale ndi mmodzi yemwe. Ku Nigeria mphunzitsi Anthony Obinna anachita chimodzimodzi, akulemba makalata ku likulu la mpingowu ku Salt Lake City kupempha kuti wina abwere. Anadikira zaka zambiri, chifukwa mpingowu sunkalola amuna akuda kulandira unsembe mpaka mu Juni 1978, ndipo kuwerenga za kudikira kumeneko kunandiwawa mumtima. Amishonale atafika mu Novembala chaka chimenecho anapeza mipingo yokhazikika, ndi atsogoleri ake ndi nyimbo zake. Obinna anabatizidwa pa 21 Novembala n'kukhala mtsogoleri wa nthambi, omuthandiza ake abale ake awiri. Ndinangoti, si Herefordshire yomwe ija iyi? Koma apa mwina ndikukoka mzere wautali kwambiri, zaka 138 ndi nyanja pakati, ndipo anthuwa uthengawo anaupeza m'zolembedwa, palibe mlamu anawabweretsera.

Ndipo pali mayina atatu pa kalendala amene akundiyang'anabe. James Fielding anapereka gome, koma atangoona kuti nkhosa zake zikupita kumtsinje anatseka chitseko, ndipo amishonale anakachita lendi holo ya Cock Pit. Iye sanalowe mpingowu mpaka imfa. Timothy Matthews analandira alendo a mlamu wake bwinobwino, kenako anawatembenukira. John Jones anasindikiza timabuku ta mng'ono wake koma anakhalabe m'busa wa mpingo wake. Mzere wofiira wa pakati pa Joseph ndi James Fielding ndi wofanana ndendende ndi wa pakati pa William ndi John Benbow, cholembera chimodzi, utali umodzi, koma wina anakalowa m'dziwe patatha masiku awiri pamene wina anatseka tchalitchi. Ndingathe kunena kuti James anali ndi malipiro ndi mpingo woti ataye pamene Benbow anali mlimi. Nanga Rigdon, nanga Kington, si atsogoleri amenenso anali ndi zotaya? Palinso Chatburn ndi Downham, midzi imene Kimball anachenjezedwa kuti asataye nayo nthawi, koma iye analemba kuti usiku woyamba ku Chatburn anabatiza anthu 25. Pamenepo cholembera changa chofiira chilibe pogwira.

Ndiye mwina chimene ndapeza chikungofotokoza amene anamva, osati amene anakhulupirira. Kapena mwina kumva mpaka munthu amalize, uli m'nyumba mwako, m'bale wako ali pambali, ndi gawo lalikulu la kukhulupirira kuposa mmene timavomerezera ife opemphera. Ndikaganiza za mmene agogo anga analowera mpingo umene ine ndinabadwiramo, ndimaona mzere wofiira womwewo, ndipo sindikudziwa ngati zimenezi zikuchepetsa chikhulupiriro chawo kapena zikungoonetsa njira imene chinadzera. Asayimenti ikufunika Lachitatu. Ndime za Preston, London ndi Castle Frome ndalemba kale. Ya James Fielding ndayamba katatu, ndipo katatu konse ndaima pa chiganizo chachiwiri.